Ndinasefa Phulusa la Amake Rozina

Mukamva kuti kuno ku Bangula kuli bambo wina wa imvi zake amene saloledwa kulowa m'chipinda china cha nyumba yomwe anamanga yekha, musavutike kufunsafunsa. Ndine. Koma musafulumire kundimvera chisoni, yambani mwamva zimene ndinachita.

Zinayamba ndi chala chachikulu cha kuphazi. Chinatupa n'kumawotcha ngati ndaponda khala la moto, mpaka ndinapita kuchipatala pa kabaza phazi lili m'malere. Adokotala anayang'ana chalacho, anayang'ana mimba yanga, kenaka anafunsa zimene ndimadya. Ndinawauza zoona: kanyenya wa mbuzi pamsika, mang'ina Loweruka lililonse, nthumbwana zikapezeka, mlamba wowamba tsiku limene ndadzichepetsa. Iwo anati zonsezo zithere pomwepo. Kuyambira tsikulo ndizidya nyemba, nandolo, khobwe ndi masamba. Tangoganizani, munthu wa kuno kuchigwa, kumene mbuzi zimachita kukupingasa pamsewu, kuuzidwa kuti uzidya zofanana ndi mbuziyo.

Mwana wathu Rozina, amene anakwatiwa ku Blantyre, atamva nkhaniyi anafuna kundilimbitsa mtima. Anayamba kunditumizira timavidiyo pafoni ta anthu akunja amene sadya nyama mwa kufuna kwawo (alipo ndithu, ndipo amaoneka osangalala). Chimene chinandigwira mtima si zakudya zawo ayi, koma kasungidwe kake. Mashelefu oyera, mabotolo ofanana ali ndandanda, lililonse ndi dzina lake. Ine ndinagwira ntchito zaka zambirimbiri ngati kalaliki wa ku sitolo kuesiteti ya nzimbe, ndipo panalibe bawuti imene inagona pamalo olakwika ine ndilipo. Ndiye ndinadzuka n'kukasuzumira kachipinda kamene akazi anga, amake Rozina, amasungiramo zakudya. Mdima. Matumba osanjikizana, zikwatu za mfutso zili lendelende kudenga, zikho, ndipo pakona mitsuko itatu yomata ndi dothi pakamwa. Ndinapukusa mutu ngati munthu wodziwa zinthu.

Za mitsukoyi ndikuuzeni pano, kuti pambuyo pake musadzati mwina sindinkadziwa. Umodzi mwa iyo unali wa mbewu ya khobwe wa malemu apongozi anga. Ndi khobwe wamng'onomng'ono, wofiirira, wokhala ndi timadontho, wosachedwa kupsa ndiponso wosagonja ku dzuwa. Apongozi anabwera naye kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo, atamumanga pansonga ya chitenje. Sanabwere ndi mbale, sanabwere ndi chithunzi, anabwera ndi ana ndi khobweyo. Chaka chilichonse amake Rozina amamudzala, n'kusankha wabwino wa mbewu. Chaka china madzi atasefukira, ife tikuthawira kumtunda, iwo anasenza mtsuko umenewo n'kusiya wailesi yanga ikumira. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino.

Mwayi wanga (panthawiyo ndinkauona ngati mwayi) unabwera Rozina atabereka kudzera pa opaleshoni. Amayi ake anayenera kupita kukamusamalira, ndipo zinali zodziwikiratu kuti akakhalitsa. Atanyamula chikwama anaima pakhomo n'kundilangiza ngati mwana wa sukulu: ufa uli m'ndowa yabuluu, nyemba zodya zili m'thumba la kuseri kwa chitseko, mchere ndisachulutse.

"Koma mitsuko yomata ija, bambo a Rozina, musaikhudze."

Ndinawafunsa ngati akundiona ngati khanda. Anangokwera minibasi.

Patsiku lachitatu ndinali kale pamsika. Ndinagula ndowa zapulasitiki zoonekera m'kati, zisanu ndi zitatu, zofanana zonse. Ndinagula matabwa n'kukhoma mashelefu ndekha (anapendekera pang'ono, koma vuto linali la khoma). Kenaka ndinayamba kututa: nandolo, nyemba, mtedza, chitowe, mapira, bwemba, malambe, ufa wa sangowa umene kumtunda amati cham'mwamba, ndi nyama ya soya yoti ndizidzinamiza nayo Loweruka. Mayi wina anandigulitsa khobwe motchipa modabwitsa, n'kundiikiranso basela wodzaza manja awiri. Ine ndinkati ndi nkhope yangayi. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu akamafulumira kuchotsa katundu wake ndiye kuti waonamo kanthu.

Mfutso ndinaumasula m'zikwatu n'kuuthira m'ndowa. Matumba ndinawakutumula n'kuwapinda. Pofika masana chipinda chinali chitayamba kufanana ndi za pafoni zija, kupatula pakona paja. Mitsuko itatu, yakuda, yonyansa, ili phee pansi pa mashelefu anga okongola. Ndinaima n'kuyamba kukambirana ndi mtima wanga. Akazi anga anati ndisaikhudze, inde, koma ankanena za kudya. Ine sindikudya. Ine ndikukonza. Munthu angakwiye bwanji pomukonzera zinthu? Mlandu unatha msanga, chifukwa woweruza ndi woweruzidwa anali munthu mmodzi. Ndinatenga chikwanje n'kugogoda dothi lija.

Zimene ndinapezamo zinandikhumudwitsa kwambiri. Phulusa. Mtsuko uliwonse wodzaza phulusa ndi masamba ouma a nimu, mbewu zili zokwiririka m'menemo. Chakudya cha anthu, cha banja la kalaliki wa ku sitolo, kusungidwa m'zinyalala za pamoto. Ndinamva manyazi m'malo mwa akazi anga. Ndinatenga sefa ndi lichero, n'kukhala pansi pa mtengo masana onse ndikusefa, ndikupeta, ndikuyetsemula, mpaka nkhope yonse mbuu. Mtsuko wina unali wa mapira, wina wa nyemba, wachitatu wa khobwe wa apongozi. Ndinamuzindikira ndithu, ndipo ndinamupukuta ndi kansalu kuti awale.

Tsono lamulo la ku sitolo ndi lakuti katundu wofanana amakhala malo amodzi. Simungakhale ndi mabawuti a saizi imodzi m'mabokosi awiri. Khobwe ndi khobwe. Ndinathira wa apongozi m'ndowa imodzi ndi wa basela uja, n'kuvundula ndi dzanja kuti asakanikirane bwino, n'kumata kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti KHOBWE, kuopa kuti wina angamuyese mpunga. Pomaliza, poti kuno kumatentha, ndinawotcha msomali n'kuboola zivundikiro zonse kuti zakudya zizipuma. Nzeru imeneyi sindinaione pafoni, inali yangayanga.

Madzulo ake anabwera Mayi Fombe, oyandikana nafe nyumba, kudzabwereka sefa. Ndinawakokera kuchipinda kuti aone chitukuko. Anayang'ana mashelefu, anayang'ana mitsuko yopanda kanthu ili chafufumimba panja, kenaka anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali.

"Nanga phulusa mwalipititsa kuti, abambo?"

Ndinawayankha kuti lili kudzala, kumene kumakhala phulusa. Ndinawaphunzitsanso pang'ono za ukhondo, za majeremusi, ndi za mmene anzathu akunja anapitira patsogolo. Iwo anangoti chabwino, n'kufunsa kuti amake Rozina abwera liti. Sefa ija anaiiwala.

Panadutsa masabata anayi a ulemerero. Aliyense wofika pakhomo, ngakhale wongofunsa njira, ankayamba waona mashelefu. Kunja dzuwa la Okutobala likuphulitsa malata, ine ndili m'kati ndikupukuta ndowa zanga. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinaona kaufa koyera pansi pa ndowa ya khobwe. Ndinati mwina ndi phulusa lotsalira. Nditayandikira ndinamva kaphokoso, ngati mvula yowaza pa udzu. Ndinatsegula. Abale anga, khobwe ankayenda. Anankafumbwe, mazanamazana, ena akukwera m'mbali mwa ndowa, ena akuuluka, ena akutuluka mwaulemu pa timabowo tija ndinawaboolera kupita kukachezera anzawo ku nyemba ndi ku nandolo. Adokotala anandiletsa nyama, koma m'boma lonse la Nsanje munalibe munthu woweta nyama zambiri kuposa ine.

Apa m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito, mochedwa. Phulusa lija silinali uve. Ndi limene linkatchinga tizilomboti, pamodzi ndi nimu ndi dothi la pakamwa. Ndipo amene anabweretsa alendowa ndi khobwe wotchipa uja, amene ndinamusakaniza ndi dzanja langali.

Thukuta lili kamukamu, ndinayala mphasa pabwalo n'kukhuthulirapo ndowa yonse kuti dzuwa liwathamangitse. Zinayamba kuthandiza ndithu. Koma dzuwa lomwelo linandithamangitsanso ine, ndinalowa m'nyumba kuti ndingotsamira pang'ono. Podzidzimuka ndinamva mphasa ikukokedwa. Mbuzi zinayi, za eni ake, zili pa phwando. Ndinatuluka ndikukuwa, ndinaponya nsapato, ndinaponya mpando, ndipo pothamanga ndinamenyetsa chala chodwala chija pa mwala. Ndinakhala pansi pafumbi ndikulira ngati mwana, mbuzi zikundiyang'ana uku zikutafuna. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudya abale awo, ndiye sindinganene kuti zinalakwa. Zotsala ndinasesa, ndi mchenga womwe, zinangokwana kajumbo kamodzi.

Munthu wanzeru akanaimba foni n'kuulula. Ine ndinabwerera kumsika. Ndinagula khobwe wina n'kukhala masiku awiri ndikusankha wofiirira yekhayekha, mmodzimmodzi, magalasi ali pamphuno. Ndinasonkha moto wopanda chophika kuti ndipeze phulusa. Ndinathyola nimu. Ndinakanda dothi n'kumata mitsuko yonse itatu, n'kuibwezera pakona pake. Kajumbo ka zotsala kaja ndinakabisa m'gambuti yanga yakale ya kuesiteti, poti m'menemo ngakhale khoswe salowamo.

Amake Rozina anafika Lachisanu masana. Anandiuza za mdzukulu, anamwa madzi, kenaka analowa kuchipinda kwawo, ine ndili pambuyo ngati mlonda. Mashelefu anangowadutsa ndi maso. Anapita molunjika pakona, anagwada, n'kuyala dzanja lawo pa dothi lomata lija. Zala zimene zinadinda pamenepo zinali zazikulu kawiri kuposa zawo. Anaswa dothilo, anapisa dzanja, anauzira phulusa n'kuyang'ana pachikhatho.

"Uyu ndi wa ndani?"

"Ndi khobwe," ndinatero.

"Sindinafunse kuti ndi chiyani."

Ndinaulula zonse, kuyambira pa sefa mpaka pa mbuzi. Kenaka ndinapita kukatenga gambuti, n'kutulutsa kajumbo kaja pamaso pawo. Ndinkayembekezera mkuntho, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Akanandilalatira, ndikanapeza poyankhira. Koma iwo anangolandira kajumboko ndi manja awiri n'kunena mawu amodzi, motsitsa.

"Takhuta."

Kwa inu a kumtunda, pa Chisena mawu amenewa ndi zikomo. Akazi anga amalankhula nane Chimang'anja masiku onse, Chisena amachisungira pa pemphero ndi pa maliro. Sindinafunse kuti apa chinali chiti.

Anatenga lichero n'kukakhala pakhonde. Masana onse anali akusankha, kambewu kamodzikamodzi, kukatembenuza, kukayang'ana ngati n'ka amayi awo kapena n'ka kumsika, ngati kali ndi bowo kapena ayi. Ine ndimaona zofanana zonse, iwo ankasiyanitsa ngati nkhope za ana awo. Nditasendera kuti ndithandize anasuntha lichero osandiyang'ana. Kawiri konse ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo apo nthabwala zonse zinandithera. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Apongozi anawoloka nayo mbewuyi pakati pa mfuti, mwana wawo anaipulumutsa m'madzi osefukira, ine ndinaimaliza ndi sefa ndi msomali, mumtendere, ndikuimba mluzu. Yamoyo imene anapeza anaiika m'kabokosi ka machesi, ndipo malo anatsalamo.

Ndowa zanga pano amatungira madzi, ina amasungiramo anapiye. Mashelefu alipobe, ndikumva kuti amaikapo zikho. Ndisakunamizeni, mpaka lero ndimaona kuti ankaoneka bwino, koma maganizo amenewa ndimawanena ndikakhala ndekha.

Mvula yoyamba itagwa, amake Rozina analawira ndi khasu ndi kabokosi kaja. Nditafunsa kuti akupita kuti, anati kumunda. Tili ndi minda iwiri ndi dimba kufupi ndi Shire, ndipo ndinayendera monsemo mwakabisira, ndikutsimphina, osapeza ngakhale phando limodzi la khobwe wofiirira. Patapita miyezi ndinawaona akubwera ndi kamtolo pansonga ya chitenje, nkhope ili yowala, n'kulowa nako kuchipinda kuja. Ndiye kuti anamera. Ndinasangalala kwambiri mpaka ndinalimba mtima. Ndinawakumbutsa kuti takhala limodzi zaka zoposa makumi atatu osabisirana kanthu, kuti moyo ndi wosadziwika, ndipo si bwino kuti pakhomo pasakhale wodziwa kumene mbewu ya banja imadzalidwa ndi kumene ikusungidwa tsopano.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu ngati akuvomereza.

"Musade nkhawa, bambo a Rozina. M'nyumba muno onse oyenera kudziwa akudziwa."

M'nyumbamo timakhalamo anthu awiri.