Jekete Yomwe Ndinasokera pa Msewu wa ku Balaka

Iwe wa duku lobiriwira, ndakuona ukutsina mnzako. Mukuganiza kuti mayi wokalamba ngati ine, wokhala pakhonde la golosale ndi makina a dzimbiri, angadziwe chiyani za kutchena? Mwandionetsa chithunzi pafoni, mkazi wavala delesi lalitali la mtundu wa makoko a chimanga, pamwamba kajekete kolekeza m'chiuno, mukuti ndi fashoni yatsopano yochokera kunja, yovala kutentha kukamatha kuzizira kukamayamba. Yatsopano kwa ndani? Chovala chimenecho ndinachiyambitsa ndine, Esitere Makwinja, pompano pa Nselema, ndipo amene akukayika anyamule nsalu yake apite kwa telala wina, chifukwa ine ndikayamba sindiima panjira.

Kunali kumapeto kwa Epulo, mvula itatsanzika, chimanga chikuuma m'minda. Nyengo imeneyo ndi yozunza mkazi aliyense wofuna kuoneka bwino. M'mawa ukatuluka wapeza nkhungu, mano akugundana, uvale juzi. Pofika masana dzuwa la kunoli likakupeza udakali m'juzi muja, umanunkha ngati mbuzi yonyowa, paudala kuyenderera mpaka m'khosi. Azimayi ankayenda ndi zovala zapadera m'jumbo n'kumakasinthira kuseri kwa milambe. Ine chibadwire ndine munthu wofuna kudziwa chifukwa chake cha chinthu chilichonse, ndiye funso linkandidya tsiku ndi tsiku: kodi palibe chovala chimodzi chimene chingamvane ndi m'mawa ndi masana omwe?

Loweruka lina, ndikungotulutsa makina pakhonde, ndinaona mayi ataima pambali, wowonda ngati bango, atakumbatira chikhothi chachimuna. Poyamba sindinawazindikire. Anali Abiti Twaibu, anzanga amene ankagulitsa tomato moyang'anizana ndi ine. Amuna awo, Che Jafali, anamwalirira ku Joni kumene ankagwira ntchito, anaikidwa komweko, kuno kunangobwera chikwama chokhala ndi chikhothi chimenechi. Abiti anakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, monga achitira akazi achisilamu akaferedwa, ndipo masikuwo anali atangotha dzulo lake. Loweruka lomwelo mwana wawo Hawa ankakwatiwa ku Balaka, chifukwa akuchimuna anaumirira kuti mwambo uchitikire kwawo. Lole ya achibale inali itanyamuka kale ndi mkwatibwi. Abiti anatsala ponamizira mutu, koma chenicheni chinali chakuti zovala zawo zonse zinkangowagwa m'thupi, ndipo anali atamva kuti mayi a mkwati, mayi wamalonda wosintha zovala katatu pa tsiku, ananena kuti amake a mtsikana akabwera akawakhazike kumapoto, asaoneke pa zithunzi.

"Achemwali, mwana wanga akukwatiwa wopanda bambo ake," anatero Abiti. "Akwatiwenso wopanda mayi ake? Ndisokereni kanthu kuchokera m'chikhothichi, bambo ake akafikeko nawo."

Ndinafunsa nthawi ya mwambo, anati shehe ayamba mwambowo mapemphero a masana akangotha. Ndinayang'ana dzuwa, linali litangotuluka. Kuchokera pano kukafika ku Balaka mukukudziwa nokha. Telala wina aliyense akanapepesa. Ine ndinangotambasula manja ndi kulandira chikhothicho.

Nditachigwira, zala zanga zinaluma ngati ndazipisa m'madzi a mu Juni. Ndinadabwa. Ndinachinunkhiza, ndinachitembenuza, ndinachiika kukhutu, ndipo ndinamva mphepo ikulira mkati mwake, patali, ngati ili kuseri kwa phiri. Munthu wamantha akanachiponya, koma ine ndinkafuna ndione, ndiye ndinatenga lezala n'kumasula msoko wa paphewa, ndipo chimene chinatuluka m'menemo, ana inu, chinali kuzizira kwa ku Joni, kuzizira konse kumene Che Jafali ankakutchinga ndi msana zaka zonse zija akudikirira basi m'mamawa, kunali kutalowerera m'nsalu, ndipo kunatuluka kwa fuu ngati utsi, tiyi wanga anauma gwa m'kapu moti nditaitembenuza sanatayike, ntchentche zinagwa patebulo ngati nandolo wouma, galu wa pa golosale anamera ubweya ngati nkhosa ife tikuona, ndipo mayi wogulitsa thobwa uko anavundukula ndowa n'kupeza thobwa lonse lasanduka mafilizesi, anagulitsa modula ndi chikwanje mlungu wonse. Mukumva? Ndinatseka msokowo mwachangu ndi mapini atatu kuti kuzizirako kusathe.

Kenaka ndinati ndione mbali inayo. Ndinalowetsa dzanja mkati, mmene mumakhudza thupi, ndipo munali mofunda ngati mwini wake wangochivula kumene. Ndinauza Abiti kuti agwire. Anagwira, n'kuyang'ana kumbali. Pamenepo yankho la funso langa lija linandifikira lokha: kunja kozizira, mkati mofunda. Ndikasoka kajekete kovalika mbali zonse ziwiri, m'mawa munthu avale mbali yofunda mkati, dzuwa likakula atembenuze.

Delesi ndinasankha nsalu imene inali itakhalitsa m'bokosi mwanga anthu akuikana kuti ilibe maluwa, ya mtundu wa makoko a chimanga, yokhala ndi timasamba tofiirira. Ndinayeza Abiti m'chiuno, tepi inazungulira kawiri. Ndinadula delesi lofika m'mapazi monga amavalira iwo, ndinadula chikhothi n'kuchifupikitsa, ndinakhala pampando, ndinaika phazi pachopondera.

Tsono apa ndi pamene anthu amayamba kuyang'anana. Makina awa mukuwaonawa ali ndi timatayala pansi pa miyendo, tiwoneni, tilipo. Ndinapalasa, ndinapalasa, lamba anayamba kununkha, singano inasiya kuoneka, ndipo mphamvu itasowa kopita inatsikira ku timatayala tija, makina anatsika pakhonde okha, ine ndinangokola mpando wanga ndi phazi kuti usatsale, n'kuuza Abiti kuti alumphire patebulo, analumphira atapanira nsalu kukhwapa, ndipo tinalowa mumsewu wa tala ine ndikusoka msoko wa m'mbali, tinadutsa a kabaza asanatembenuke, tinadutsa pa Ntaja anthu akuthawitsa madengu, tinapeza minibasi kondakitala atatulutsa mutu pawindo akuitana "Liwonde! Liwonde!" ndipo atationa mawu anamuthawa, mpaka lero akuti amaitanira anthu ndi manja. Lole ya achibale ija tinaipitirira pamtsetse, iwo anangoona fumbi, ena anati ndi kamvuluvulu n'kuyamba kupemphera. Ndikulumbira pa maso anga awiriwa, la ng'alali ndi labwinoli.

Abiti sanakuwe ngakhale kamodzi. Ankangondipatsira mapini mmodzimmodzi, nkhungu ikuwamenya kumaso. Nditaona kuti akunjenjemera ndinawaponyera chidutswa cha chikhothi paphewa, mbali yofunda mkati, ndipo kunjenjemera kunatha pomwepo. Ndinati m'mtima, theka la funso layankhidwa.

Pa mlatho wa Liwonde singano inathyoka. Mukuganiza kuti ndinaima? Panali mayi atanyamula milamba m'beseni pamutu, ndinangotambasula dzanja podutsa n'kuzula munga umodzi wa mlamba, ndinauboola diso ndi ndolo yanga, ndinaumanga pamakina tisanafike tsidya linalo, mvuu pansi zikutukula mitu kufuna kuona chimene chikulira pamwamba. Titawoloka dzuwa linali litakula, lija la ku Liwonde limene limaphika dzira m'thumba, ndipo ndinauza Abiti kuti atembenuze chidutswa chija. Anatembenuza. Thukuta linauma pamphumi pawo ine ndikuona, ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala, chifukwa theka linalo linali litayankhidwanso.

Titadutsa mphambano ya ku Mangochi, ulusi unatha. Koma Mulungu si munthu, ku Balaka amalima thonje, ndipo linali litachita mbuu m'mbali mwa msewu, ndiye ndinapendeketsa makina kulowera m'munda, Abiti ankathyola ndi manja onse awiri n'kumandiponyera pamiyendo, ine phazi lamanja likupalasa, zala za phazi lamanzere zikupota ulusi, dzanja lina likuyendetsa nsalu, lina likudula, sizasi ikatopa ndinkadula ndi mano, ndipo mwini munda atatithamangitsa anapeza kuti mzere umene tinadutsa tauthyolera bwino kuposa aganyu ake, anatibayibitsa ndi chipewa. Mabatani ndinalibe, koma dambe linagwa mumtengo wa mlambe n'kusweka pa gudumu la makina, ndinayamwa nthangala zitatu mpaka kuyera, ndinaziboola ndi munga uja, zinakhala mabatani. Kusita nako, simbi ndikanaitenga kuti? Ndinayala delesi pa gudumu lomwelo, linali litafiira ndi kutentha, makwinya onse anathawa. Sitima ya pamtunda inayenda nafe limodzi kanthawi, woyendetsa akuliza hutala, kenaka inatopa n'kutsalira. Mukumva kapena mwagona?

Kuima ndiye kunavuta. Ndinachotsa phazi, makina osamva, tinalowa pabwalo la ukwati n'kulizungulira katatu, ndipo ulendo wachitatuwo ndi umene ndinapindira m'munsi mwa delesi. Anakaima okha pa mulu wa nkhuni kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndinawaveka Abiti, nsalu yotsala ndinawamanga duku, kajekete pamwamba, mbali yozizira mkati. Shehe anali akungovula nsapato.

Abiti anayenda pang'onopang'ono kupita kumene kunakhala azimayi. Mayi a mkwati, amene anali kale pa chovala chawo chachiwiri, chonyezimira, cholemera, nkhope yonse ili mizeremizere ya paudala, ananyamuka kudzawalondolera kumapoto monga ananenera. Atayandikira, kamphepo kochokera m'kajekete kanawakhudza kumaso. Anaima. Anayang'ana delesi kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, anagwira batani limodzi, anafunsa kuti nsalu yotere imapezeka shopu iti ku Limbe. Abiti anangoyankha kuti ndi ya kwathu. Mayi aja anaitanitsa mpando, anauika pafupi ndi wawo, ndipo sanachokepo tsiku lonse, chovala chachitatu chija sanakachivale n'komwe. Azimayi ena anayamba kukoka mikeka, pang'ono pang'ono, mpaka onse anazungulira Abiti ngati anthu owotha moto, koma iwo akuwotha kuzizira. Wojambula sanajambule chithunzi chilichonse chopanda Abiti pakati.

Lole inafika mochedwa, achibale ali fumbi lokhalokha. Hawa anatsika akudziwa kuti mayi ake atsala kumudzi akudwala mutu, ndipo atawaona atakhala kutsogolo anaima chilili. Kenaka maso ake anagwera pa kajekete. Anayandikira, anasisita nsaluyo paphewa, pamene panali kachigamba kamene bambo ake anasoka okha ndi ulusi wakuda, kamene ine ndinakasiya dala.

"Amama, ichi si cha ababa?"

"N'chawo. Abwera."

Mwanayo anagwada n'kubisa nkhope pachifuwa cha mayi ake, chophimba kumutu chikugwa, ndipo Abiti anatsegula mabatani, anatembenuza kajekete n'kumufunditsa mbali yofunda ija. Ine amene sindilira pamaliro ndinakapezeka kuseri ndikupukuta makina amene anali oyera kale.

Mlungu usanathe, mzere wa azimayi pakhonde pano unafika ku chigayo. Aliyense ali ndi chikhothi cha amuna ake kukhwapa, ena amuna awo ali moyo akufunafuna chovala m'nyumba. Zikhothi zimenezo zinalibe kuzizira kwa ku Joni, zina zinkangotulutsa fungo la fodya, koma kasokedwe kanali komweko, ndipo kanafalikira ku Ntaja, ku Liwonde, ku Zomba, n'kumapita.

Chinthu chimodzi chokha ndiye ndivomere, poti ine si munthu wabodza. Dzanja lamanzere la kajekete kaja linatalika kuposa lamanja ndi chikhatho chathunthu. Ndinalidula tikudumpha mahampu a pa Liwonde, sizasi inaterereka. Matelala onse amene anandibera anaberanso ndi kulakwitsako, moti zaka zitatu azimayi a boma lino ankayenda dzanja limodzi lobisika, akuti ndiye fashoni. Nditapita kwa Abiti ndi sizasi kuti ndilifupikitse, anabisa mkono kumbuyo.

"Iyayi, achemwali, lisiyeni. Likandiphimba zala ndimamva ngati wina wandigwira dzanja."

Ndiye inu mukuti ndinalakwitsa? Bwezani mawu amenewo. Ndinachita dala. Iwe wa duku lobiriwira, tukula mikono ndikuyeze.