Ndodo ya Gashe Gebreyes pa Okushoni

Nzeru yake inabadwira m'kanyumba ka mowa kuseri kwa Piassa mumzinda wa Addis, teji wa uchi atayamba kugwira ntchito m'mitu. Mwini nzeruyo anali Zerihun, amene anzake ankamutcha Pulofesa chifukwa anasesako m'sitolo ya makompyuta, ndipo chichokereni kumeneko ankalankhula ngati intaneti ndi mlamu wake.

Anaika foni patebulo n'kuonetsa anzake awiri tsamba la okushoni, kumene azungu ankalimbirana ndodo zakalekale zosewerera pulu. Ina inali itagulidwa pamtengo wa minibasi. Fikadu, kalipentala wa mipando wodziwika kuti Tchizulo, anatsamwa ndi mowa. Wondwossen, amene chifukwa cha kutalika ankatchedwa Mlongoti, anafunsa ngati minibasiyo inali ndi matayala omwe.

"Amwene," anatero Zerihun motsitsa mawu, "minibasi yotereyi ili pakhoma kwa Gashe Gebreyes, ikungodya fumbi."

Gashe Gebreyes anali ndi nyumba yosewerera pulu pamtunda pomwepo. Pakhoma anakolekapo ndodo imene bambo awo anasiyiridwa ndi Mtaliyana wina, yakuda bii, yokhomedwa timinyanga ta njovu kuchigwiriro. Dilu inali yosavuta: Tchizulo aseme inzake yofanana, Mlongoti akasinthanitse, Pulofesa agulitse yeniyeniyo kunja. Zerihun analumbira kuti madalawo adzamwalira asanazindikire.

Tchizulo anapempha mwezi woti mtengo uume, koma Zerihun anati azungu sadikira. Basi anasema bulugamu wauwisi, naunyika m'matsokwe a khofi, naupaka polishi wa nsapato. M'malo mwa minyanga anakhomamo mafupa a ng'ombe otola kubutchala. Ataiimika, anaiyang'ana ngati mwana wake woyamba.

Tsiku losinthanitsa anasankha masana, nthawi imene Gashe amawodzera akakhuta nyama ya kitifo. Mlongoti analowetsa ndodoyo m'buluku, kuyambira kukhwapa mpaka kukakolo, nalowa akukoka mwendo ngati chitseko chakufa mahinjesi. Zerihun anaima pakhomo akunamizira kuyimba foni. Madala anali kuliza mkonono ndithu. Koma Mlongoti asanatambasule mkono, kunatulukira akazi a Gashe, Mayi Askale, ndi khofi.

Mayiwo ataona mwendowo anamva chisoni. Anamukokera mpando, iye nati adokotala anamuletsa kupinda. Anafuna kumuthowa, iye nati anamuletsanso kukhudzidwa. Choncho anamumwetsa khofi ali chiimire, namuwaza madzi odalitsidwa, namufotokozera za mphwawo amene anayamba chimodzimodzi mpaka anamudula mwendo. Zerihun pakhomo thukuta linali kamukamu. Mayiwo atapita kukafuna mafuta opaka, m'pamene Mlongoti anasolola yabodza, naikoleka pakhoma, n'kubaya yeniyeni m'buluku. M'takisi analephera kukwera, ndipo anayenda wapansi mpaka kwawo, opemphapempha akumupatsa njira.

Usiku usanafike ndodo inali patsamba. Zerihun analemba kuti inali ya mkulu wa asilikali, yosagonjapo chiipangireni. Kenaka anauza anzakewo kuti aliyense alembetse dzina lachizungu, azikweza mtengo pang'onopang'ono kuti ogula atenthe mtima. Chimene Pulofesa anaiwala n'kuwafunsa maina amene asankha.

Poyamba zinayenda bwino. Kunabwera wogula weniweni wa ku Jeremani, munthu wofatsa, woika mtengo bwinobwino. Posakhalitsa panatulukira Dokotala Bruno, kenaka Bwana Hamilton. Awiriwa anagwirana pakhosi. Bruno akakweza, Hamilton ankawirikiza. Mjeremani uja anayesa kawiri, nathawa. Hamilton analembera Bruno uthenga woti amphawi azikasewera ndi mpini wa tsache. Bruno anayankha zokhudza makolo.

Zerihun ankaonera zonsezi akuvina yekha m'chipinda. Anaganiza kuti anzake aja achita ulesi, koma analibe nazo ntchito poti mabwana awiri enieni anali atakola. Mtengo utadutsa minibasi n'kufika pa basi yaikulu, anapita kukauza mwini nyumba yake kuti ayambe kufuna wina wa lendi.

Okushoni itatsekedwa, Tchizulo anafika akudziguguda pachifuwa.

"Aise, ndamugwetsa mzungu. Ndodo ndapata ine."

"Wapata iwe bwanji?"

"Bruno ndine. Galu uja Hamilton amafuna atilande katundu wathu."

Zerihun anakhala pansi pomwe panalibe mpando. Anafotokoza mofatsa, ngati wolankhula ndi wodwala, kuti kulandidwa katunduyo ndiye kunali cholinga. Tchizulo sanamve. Anati tsiku limene adzakumane ndi Hamilton adzamugulula mano ndi pulayala. Mlongoti, amene anali atatsegula pakamwa kuti anene kanthu, anatsekanso. Patapita masiku, eni tsamba ataona kuti Dokotala Bruno alibe ndalama ngakhale biri imodzi, anawatsekera kunja onse.

Zerihun anati asanayesenso kwina, apite kwa Gashe ngati osewera wamba akaone ngati kuli bata. Anapeza anthu ali mulu, akuseka mogwira nthiti. Bulugamu uja anali atauma n'kupindika ngati nthochi, ndipo ntchentche zinali zitamanga msonkhano pa minyanga ya kubutchala. Gashe okha ndiwo sankaseka. Anali pampando, maso ali pakhoma, pambali pawo pali Sajeni Mekonnen, wapolisi amene ankasewera pamenepo tsiku lililonse.

Zerihun anakoka anzake malaya kuti abwerere, koma anthu anali atayamba kuthira ndemanga. Wina anati wosema ndodoyo anagwiritsa ntchito mano. Wina anati ameneyo ngakhale chipika chokhalira sangachikhoze. Sajeni anawonjezera kuti m'Addis monse mulibe kalipentala wopanda manja chotero, n'kutheka ndi mbuzi inasema.

Tchizulo anasendera kutsogolo. Zerihun anamuponda phazi, koma mochedwa.

"Bwana, musanyoze ntchito ya munthu musanamve. Mtengo unali wauwisi. Ine ndinapempha mwezi, awa ndi amene anandifulumizitsa."

Analoza ndi chala, kuti pasakhale chikaiko.

Ndodo yeniyeni inapezeka madzulo omwewo pansi pa matiresi a Zerihun, ndipo Gashe anaipukuta ndi mpango wawo misozi ili m'maso. Mayi Askale anangodabwa kuti mwendo wa mnyamata uja wachira msanga, poti pothawa anamugwirira kutali kuposa anzake.

M'chitokosi Zerihun anakhala atagwira mutu. Tchizulo ankayendayenda, akunena kuti zonsezi wazichititsa ndi Hamilton, ndipo akadzangotuluka adzamusaka ngakhale kutsidya kwa nyanja. Anatembenukira kwa Mlongoti n'kumufunsa ngati adzamuperekeze.

Mlongoti anasendera kukona, nati amve kaye za mwendo wake.