Bango Langa ndi Madzi a Nkhumba

Lolemba
Atcheyamani a Chipani m'sekishoni mwathu, a Daka, atipatsa mpaka pa Sondo: madzi a m'khola la nkhumba zathu aleke kutsikila kuchitsime, apo ayi khola ligwetsedwa. Amene akatinenela ndi amai Lungu, a nyumba yoyandikana nafe, ati ndi fungo lomwe likuwadwalitsa mphuno. Ndawasunga mumtima.
Sindikuopa. Kusekondale ku Petauke sindinapite kukadya nyemba chabe. Ndipanga kadambo kumunsi kwa khola: dzenje lalitali, dongo pansi, miyala, mchenga, bango pamwamba. Naitulojeni wa mumkodzo wina adyedwa ndi bango, wotsala tizilombo ta m'mizu timuulutsila mumpweya. Madzi aziyenda pang'onopang'ono, atuluke abwino. Basi!

Lachiwili
Kukumba. Matuza manja onse. Atata aima chapatali, ati anzathu amathawa madambo, ise tikudzikumbila lathu pakhomo. Siyani aseke. Bango ndazula kumtsinje ndi mizu yake yomwe, ndaoka. Kukongola kwake!

Lachitatu
Amalume, oluka mphasa, adula mzele wonse wakutsogolo wa bango langa. Ati ndachita bwino kuwasendezela bango pafupi, mawondo awo atopa ndi njila ya kumtsinje. Andithokozanso! Ndaoka lina. Dambo lili bwino, vuto ndi abale.

Lachinayi
Kuchitsime azimai andifunsa chomwe ndikusefa. Ndiwafotokozela bwinobwino, monga munthu wophunzila: naitulojeni ndi yemwe uja ali mu fataleza, koma m'madzi akumwa ndi woipa, makamaka kwa makanda. Za makanda palibe wamva. Amai Lungu atula ndowa: "Fataleza yemwe wasowa kudepoti uja?" Ndati ee, yemweyo. Onse ayang'anizana. Ndaona kuti phunzilo lalowa.

Lachisanu
Dambo lauma! Bango lazyolika. Ndilondola: wina wakumba ngalande pamwamba pa dambo langa, kuchokela pakhola penipeni, kukhota kuseli kwa nthochi, mpaka m'dimba la lepu la amai Lungu. Mphuno ija inkadwala ndi fungo yachila. Ndatseka ndi miyala. Masana yatsegukanso.

Loweluka
Ngalande zachuluka ngati mizu. Ya a Lungu, ya a Mwanza, ya munthu amene sindimudziwa n'komwe. Makasu m'mwamba, kutukwanizana, kulimbilana mkodzo wa nkhumba zathu!
A Daka afika kudzaweluza. Alankhula za umunthu ndi kugawana mpaka mithunzi kutembenuka. Chigamulo: madzi ndi chuma cha onse, aziyenda mosinthana, kuyambila dimba la a Daka eniake. Bango lizulidwe chifukwa likudya fataleza wa anthu.
Ndaimilila. Ndati madimba onsewa ali pamwamba pa chitsime, mvula ikagwa zotsala zitsikila komweko. Ati mwana wamkazi asaphunzitse akulu kumwa madzi. Anthu m'manja phaphapha. Amalume atola bango lonse, sanasiye ngakhale limodzi.

Sondo
Khola lilipo. Atata akondwa, auzidwa kuti awonjezele nkhumba. Mudzenje langa mwagona bakha. Nzelu zanga zinali zoona, ndipo zikali zoona, koma ndatopa. Madzi akumwa ndizikatunga kumjigo wa kusukulu, kutali konse kuja.
Titatuluka m'chalichi, amai Lungu andiyandikila, kumwetulila mpaka m'makutu: "Mwanangu, dzulo madzi a m'ngalande anachepa. Nkhumbazo mukuzimwetsa mokwanila?"
Ndati akatinenele kwa atcheyamani. Njila aidziwa.