Mpira Wamanja Ulipo Uwiri

Anthu akamandipatsa ulemu masiku ano kuti "akochi athu a makapu," ndimangomwetulira, chifukwa sadziwa mmene ukochiwo unayambira. Akanadziwa, bwenzi akundiseka mpaka ku Marka.

Paunyamata wanga ndinkasewera hendibolo, mpira uja woponyera m'golo longa la mpira wamiyendo, koma laling'ono. Umaudunda pansi, umathamanga nawo masitepe atatu, kenako umadumpha n'kumuwomba nawo goloboyi. Ndinkautha, ndisaname, kufikira bondo litandikana. Ndinabwerera kwathu kwa Maseya ndikutsimphina, ntchito ndilibe, koma matama ali tho.

Tsiku lina bambo woyang'anira zamasewero ku esiteti ina ya nzimbe anandipeza pamsika.

"Achimwene, tamva kuti inu ndi katswiri wa mpira wamanja. Timu yathu ya amayi ilibe kochi."

"Mwafika, bwana," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

Ndinalengeza mudzi wonse, mpaka kwa apongozi. Lolemba ndinafika pabwalo nditapachika wezulo m'khosi, dzuwa la ku Chikwawa likuwotcha ngati lili ndi chifukwa nane, phulusa la nzimbe zotenthedwa likugwa pang'onopang'ono. Ndinayang'ana uku ndi uku, golo osaliona. Ndinangoona mitengo iwiri yachitsulo, uliwonse uli ndi mphete pamwamba. Mpira wamanja umene ankanena bwana uja unali wa ntchemberembaye, umene ine ndinkangouonera patali (ndipo kunena zoona, panthawiyo sindinkayang'ana mpirawo).

Munthu wanzeru akananena pomwepo. Ine ndinaliza wezulo.

Kaputeni wa timuyo anali Mayi Nangondo, mayi wamtali wopalira m'minda ya nzimbe, woponya m'mphete mosaphonya. Anandilandira ndi manja awiri, n'kundiuza nkhawa yawo. Panali timu ya ku Nsanje imene inkawagonjetsa chaka ndi chaka, ndipo masewero otsatira anali omaliza kwa mayiwo, chifukwa ankasiya ntchito kubwerera kwawo kwa Chapananga.

"Ndingowagonjetsa kamodzi kokha, akochi, ndikaweta mbuzi zanga mtima uli m'malo."

Ndinawalonjeza. Pakamwa pangapa!

Sabata yoyamba ndinawaphunzitsa kuthamanga ndi mpira masitepe atatu. Amayi anayang'anana.

"Akochi, kodi si kuyenda ndi mpira kumeneko? Amatiimbiratu wezulo."

"Malamulo anasintha, mayi. Kutawuni akusewera chonchi."

Anakhulupirira, poti amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sabata yachiwiri ndinawonjeza kudunda mpira pansi. Yachitatu, nditaona kuti bodza likuyenda bwino, ndinawaphunzitsa kutchinga mdani ndi chifuwa, ndipo ndinawauza kuti mizere ya pabwalo ija ndi yokongoletsa chabe, aliyense apite kumene akufuna. (Ndikakumbukira mmene ankalimbikira amayi aja, atachoka kumunda thukuta lili kamukamu, ndimafuna kulowa pansi.) Koma ankasangalala, abale. Bwalo lonse linkangomveka kuseka, ndipo madzulo amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Tsiku la masewero anthu anadzaza, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone bwino. Apongozi anga anali kutsogolo, atanyamula ambulera. Woimbira anali mayi wa Chisena, wamfupi, wosaseka.

Mpira utangoyamba, mtsikana wathu wapakati anaugwira, n'kuudunda kawiri, n'kuthamanga nawo mokongola zedi. Ine ndinawomba m'manja ndekha. Wezulo analira.

"Nkhabe! Mpira wa Nsanje!"

Tinaugwiranso, wezulo. Wotchinga kumbuyo wathu anawoloka bwalo lonse kukathandiza kutsogolo, wezulo. Wina anagunda mnzake ndi chifuwa monga ndinamuphunzitsira, wezulo, ndipo woimbira uja anaima n'kugwira m'chiuno.

"Amayi inu, mwabwera kudzasewera mpira, peno kudzamenyana? Wakupfundzisani mbani pyenepi?"

Zala zisanu ndi ziwiri zinaloza ine. Anthu anafa nako kuseka. Wina anakuwa kuti, "Kochi ameneyu mwamugula pa kaunjika!" Nditacheuka, ndinaona ambulera ya apongozi ikutuluka pageti.

Popuma, a ku Nsanje anali atatisiya kutali. Ndinayamba kunamizira mphepo, koma Mayi Nangondo anangotambasula dzanja, n'kundivula wezulo m'khosi mwaulemu wonse, ngati akuvula mwana malaya onyowa.

"Atsikana, zonse za akochi ziiwaleni. Tisewere wathu uja."

Zimene ndinaona chigawo chachiwiri sindidzaziiwala. Mpira unkayenda m'manja mokhamokha, osagunda pansi, ndipo ukafika kwa Mayi Nangondo unkangolowa. Anabweza zigoli chimodzichimodzi, anthu omwe ankaseka aja anayamba kuvina. Wezulo womaliza polira, tinali titagonja ndi chigoli chimodzi. Chimodzi chokha. Popanda nzeru zanga za chigawo choyamba, akanapambana mosavuta.

Ndinawapeza Mayi Nangondo atakhala pansi pa mtengo wa bwemba akumasula nsapato, ndipo ndinaulula zonse. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. Koma iwo anangoti:

"Achimwene, mukananena tsiku loyamba lija, ife tikanakuphunzitsani. Si masabata atatu amenewo?"

Ntchito inathera pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti patapita mwezi, atsikana anayi a timu ija anabwera kwathu, ati mpira wothamanga nawo uja unawakoma, ndiwaphunzitse bwinobwino. Tinakhoma magolo a mitengo ya bulugamu padambo, ndipo timu ya hendibolo imene yandipatsa makapu onsewa inabadwa choncho.

Mayi Nangondo anapita kwa Chapananga mwezi womwewo, asanawagonjetse a ku Nsanje aja. Chaka chatha ndinakawaona, nditanyamula kapu yathu yaikulu kuti mwina aigwireko. Akalamba, koma msana udakali chilili. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera akuseka.

"Yokongola, akochi. Koma si ya mpira wathu."