Mvuu Yoposa ya a Mwangonde

Lolemba

Chithunzi chija chikadali pakhoma mu ofesi ya aphunzitsi. Mvuu ya a Mwangonde, mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 6. Kunena zoona ndi kadontho kakuda pakati pa madzi, ukhoza kuyesa chitsa, koma anthu onse a kuno ku Kaporo akubwera kudzaona ngati kwagwa ndege.

Lero abweranso anesi, a Tusekile a kuchipatala chaching'ono chapafupi apa, ati kudzaona zipere za ana. Zipere zili m'kalasi, iwo maso ali pakhoma. Ndikumva ndi makutu angawa: "A Mwangonde, koma ndinu olimba mtima!" Kulimba mtima kwa chiyani? Kamera anachita kuwatumizira akulu awo a ku Joni. Iwo anangodina basi.

Ine chaka chonse ndikupereka moni kwa anesiwa. Mpaka ndinaphunzira moni wa chinenero cha kuno, "Mwaghona" ndi lilime langa lolemera la ku Dedza. Sanandiuzepo kuti ndine wolimba mtima.

Ndi nsanje, sindibisa, ndipo ikundiwotcha pachifuwa. Ndatsimikiza: ndigula kamera ya lenzi yaitali, yokoka zinthu zakutali. Ndijambula mvuu yoyasamula, mano onse poyera, sabata ino isanathe. Anesi aone.

Lachiwiri

Ndikufufuza. Malipiro a uphunzitsi ndi omwe tikuwadziwawa, ndiye zosankha ndi izi:

Ya m'sitolo ku boma. Yatsopano, yonyezimira. Nditamva mtengo ndangofunsa za sopo n'kutuluka.

Kabokosi ka bambo wojambula anthu pamsika. Kotchipa, koma ati kuti mvuu ioneke ndiyenera kuiyandikira mpaka kuigwira mphuno. Amayi anga ku Dedza akundifunabe.

Ya Mswahili wina wogulitsa zitenje ndi mawotchi, amene amaoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Tanzania pomwe apolisi sayang'ana. Lenzi yake kutalika ngati munsi!

"Safi kabisa, mwalimu," akutero m'Chiswahili, kutanthauza kuti ndi yabwino zedi, aphunzitsi. Ati inali ya mzungu wokonda nyama zakutchire. Ndasuzumiramo: ng'ombe ya kutsidya kwa dambo yafika pamphuno panga, ntchentche zake ndikuziona bwinobwino. Lenzi ya a Mwangonde ndi kachala chabe.

Ndapereka njinga yanga. Yonse, ndi pampu yomwe. Wandiwonjezera filimu imodzi, yaifupi. Kusukulu ndiziyenda wapansi, miyendo ndi yaulere.

Lachitatu

Lenzi yakana kuchoka. Ndimati ndiichotse ndiipukute, koma dzimbiri lagwira, yamatirira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Mswahili uja waoloka kale. Zilibe kanthu, ine ndikufuna mvuu.

Ndapita nayo kusukulu, ili pakhosi, kuti a Mwangonde aione. Aiona. Angoti, "Yabwino ndithu, aphunzitsi," n'kupitiriza kuchonga makope. Ngakhale kansanje pang'ono! Munthu woipa mtima.

Amene aiona bwino ndi ahedi. Athamangira kunyumba kukavala jekete. Ahedi sakanidwa. Ndikuloza kamera, mukungooneka mphuno ndi ndevu. Ndikubwerera m'mbuyo, tsopano mwadzaza mutu. Ndikubwererabe, kudutsa bwalo la mpira, mpaka kuseri kwa chimbudzi cha anyamata, ndi pamene akwanamo onse ndi nsapato zomwe. Akufuula kufunsa kuti amwetulire liti. Yankho langa silikuwafika.

Chithunzi choyamba: ahedi akukalipa. Chachiwiri: akukalipabe.

Lachinayi

Mbiri yawanda. Kuno ukakhala ndi kamera anthu sapempha, amangopita kukasamba. Ndikutsegula chitseko m'mawa, pakhonde pali:

eni nyumba yomwe ndimachita lendi, mu suti ya ukwati wawo,
akazi awo, wailesi ili m'manja,
mlamu wawo ndi ng'ombe yake yamphongo, nayonso yosambitsidwa.

Ndikuwauza kuti filimuyi ndi ya mvuu. Akazi a eni nyumba akundifunsa ngati mvuu inandipatsapo chambiko. Mkaka wowawasa umenewu ndimamwa wawo tsiku ndi tsiku. Ndakaima m'munda wa chinangwa wa eni ake, ndadina katatu.

Masana atulukira a tcheyamani a chipani. Ayamba ndi kufunsa khadi la chipani. Ndili nalo, ndimagona nalo. Kenaka afunsa kuti chimfuti chimenechi n'chachiyani, pafupi ndi malire chonchi. Thukuta kamukamu. Ndikuti n'cha mvuu, bwana. Ati kodi mvuu ndi yofunika kuposa amayi amene akuyeserera magule pabwalo? Ayi, bwana. Ndajambula amayiwo. Ndajambula a tcheyamani atakhala, ataima, ataloza kumwamba. Pamapeto andikalipira chifukwa chowajambulira patali ngati kazitape.

Filimu yatsala pang'ono. A Mwangonde palibe amawavutitsa, aliyense amamuuza kuti yawo ilibe filimu. Mwana wa pamudzi amadziwa bodza loyenera. Ine mlendo ndinaulula ndekha.

Lachisanu

Nditaweruka ndapita kumtsinje, kumene mvuu zimatulukira kukadya mpunga wa anthu. Matope mpaka m'mawondo. Udzudzu wa ku Kaporo suluma, umadya.

Lenzi ikulemera, sikukhazikika m'manja. Ati imafuna chitsulo cha miyendo itatu choikapo. Ine ndaisanjika pa mphanda ya mtengo. Zomwe ndaona:

chitsa,
chitsa china,
kakowa, wauluka ndisanamupeze m'galasi.

Chitsa chachitatu chagwedezeka, ndadina msanga. Chinali chitsa.

Pobwerera, matope thupi lonse, andidutsa a Mwangonde pa njinga, anesi ali pakaliyala. Ati tayala la njinga ya anesi laphwa. Pampu yanga ili ku Tanzania.

Chatsala chithunzi chimodzi. Ndalumbira kuti n'cha mvuu, abwere wina aliyense.

Loweruka

Abwera anesi. Okha, pakhomo panga, koyamba chifikireni ine kuno. Diresi labuluu, tsitsi lopesa bwino, fungo la sopo wa m'sitolo. Mtima wanga gu gu gu.

"Aphunzitsi, ndamva kuti kamera yanu ndi yoposa ya a Mwangonde."

Mawu amenewa! Njinga ipite, sindidandaula. Ati ndikawajambule kumtsinje. Ndavomera asanamalize.

Tafika. Pansi pa mtengo wa mango pali a Mwangonde, tayi ili pakhosi. Ng'ombe za malowolo zinapita kale kwa makolo a anesi, Kaporo yense akudziwa kupatula ine. Akufuna chithunzi cha awiri choti atumize kwa akulu aja ku Joni. Ndikufunsa kuti bwanji osajambulitsa ndi yawo. Ati ilibedi filimu, inathera pa mvuu ija. Silinali bodza.

Ndikubwerera m'mbuyo. M'mbuyo ndithu, mpaka m'munda wa mpunga, madzi kulowa m'nsapato. Zomwe akuuzana sindikumva, koma lenzi ya Mswahili siinama, safi kabisa. Dzanja la a Mwangonde lili pa dzanja la anesi, chala ndi chala. Anesi akuseka mpaka kadzenje kaoneka patsaya. Sindinawaonepo pafupi chonchi.

Ndadina.

Nthawi yomweyo m'bango kumanzere kwanga, phuu! Mvuu. Yeniyeni, ndi kamwana kake. Yayasamula, mano onse poyera, yandiyang'ana, yadikira. Ndikukoka kachitsulo koyendetsera filimu, sikakusuntha. Ndaliyatsa liwiro. Nsapato imodzi yatsala m'matope.

Lamulungu

Kutchalitchi wapansi, mu nsapato zobwereka kwa eni nyumba. Alengeza za ukwati. Ndaomba nawo m'manja, pang'ono.

Za mvuu palibe akukhulupirira. A Mwangonde ati mwina chinali chitsa. Iwo kundiuza ine za chitsa!

Filimu atenga iwo, akatsukitsa ku boma. Ati chithunzi chikatuluka bwino apachika china mu ofesi, pambali pa mvuu yawo. Ndiziziona zonse ziwiri tsiku lililonse pomwa tiyi.

Potuluka anesi andipatsa moni ndi manja awiri. "Ndaga, zikomo aphunzitsi. Pa ukwati mudzatijambulenso."

Ndavomera. Nanga ndikanatani? Ubwino wake, ndi lenzi imeneyi ndidzaima kutsidya kwa msewu, kumene palibe adzaone nkhope yanga.