Chidindo Chofiira cha mu Dilowa Yanga

Lolemba

Ndatopa nazo. Fayilo iliyonse yobwera ku rejisitale kuno mwini wake akufuna ndiyidinde URGENT. Ya matayala a galimoto ya abwana, urgent. Ya makatani, urgent. Ya makapu a tiyi, nayonso. Ndabwera ndi dikishonale ya mwana wanga. Akuti urgent ndi chinthu chosadikira, chofunika kuchichita pompano. Ndiye makatani akudwala chiyani?

Chidindocho chimakhala mu dilowa yanga, choncho kuyambira lero ndikudinda chokhacho chimene chikachedwa munthu avutika. Lero ndadinda imodzi basi, ya mayi Banda, namwino wa ku Chitipa. Amuna awo adagwa sitiroko ku Kawale, wowasamalira palibe, ndiye mayiwo akupempha kuti awasamutsire kuno. Komiti ya mabwana ikhala Lachisanu. Ikawadumpha apo, basi mpaka chaka chamawa. Mayiwo akhala pabenchi tsiku lonse, chikwama pamiyendo. Ndawauza kuti, "Kapumeni amayi, yanu ili pamwamba penipeni."

Lachiwiri

Nkhani yamveka kale. A Mhango a ku akaunti abwera okha, fayilo m'khwapa. "Achemwali, tangodindani. Si yanga iyi, ndi ya abwana." Ndakana, ndawawerengera dikishonale mokweza. Aseka mpaka kutsokomola.

Masana abwera mafayilo asanu olembedwa pamanja ndi cholembera chofiira: VERY URGENT. Kukamwa kwangoti yasa. Mawu ndawatsekera mu dilowa, anthu apita kukatenga akulu ake.

Lachitatu

Misala yeniyeni. A Mhango atuma dalaivala ku Old Town, kwa Che Jafali amene amasema zidindo pafupi ndi msika. Pofika 2 koloko ofesi iliyonse ili ndi chake. Zimene ndaona ndi maso angawa:

MOST URGENT
EXTREMELY URGENT
TOP PRIORITY
BY HAND
IMMEDIATE, cha a Mhango, chachikulu ngati chikhatho.

Ndafunsa a Kondowe, mesenjala wathu wa imvi uja, kuti zimenezi amazisanja bwanji. Kani ali ndi dikishonale yawoyawo m'mutu. Urgent ndi masabata atatu. Very urgent ndi sabata imodzi. Immediate ndi mawa. By hand ndiye kuti abwana aima pakhomo akudikira. Nanga yopanda chidindo? "Imeneyo timachirikizira mwendo wa tebulo."

Lachinayi

Mayi Banda andibweretsera nthochi. Ndayang'ana mulu wa komiti. Yawo ili pansi penipeni, ndi ka URGENT kanga kamodzi kaja, yaphinjidwa ndi makatani amene tsopano ndi EXTREMELY.

A Kondowe akuti ndikangobwereka chidindo cha a Mhango, nkhani yatha. Ine? Kukagwada kwa munthu amene anandiseka mpaka kutsokomola? Ayi ndithu. M'malo mwake ndalemba memo ya masamba awiri kufotokoza tanthauzo la urgent, ndi kusiyana kwake ndi important. Ndagawa m'maofesi onse. Ina ndayipeza m'khonde, munthu wakulungiramo chimanga chootcha.

Nthochizo ndalephera kudya.

Lachisanu

Manyazi ndawasiya kunyumba. 8 koloko ndili pakhomo la a Mhango kudzabwereka chidindo. Chitseko chokhoma. Apita ku wekishopu ku Mponela, makiyi m'thumba. Ndathamangira kwa sekilitale wa abwana, akuti chake chatha inki. Pobwerera ndapeza a Kondowe anyamula kale mulu wonse, ausanja monga mwa nthawi zonse.

Komiti yayamba 10 koloko itadutsa. Yaima nthawi ya nkhomaliro, ndipo siinabwererenso. Makatani adutsa. Makapu adutsa. Fayilo ya mayi Banda yabwerera kwa ine yosatsegulidwa n'komwe.

Ndatulukira khomo lakumbuyo kuti ndisadutse pabenchi. Ndine wamantha, ndikuvomera.

Loweruka

Ndakwera minibasi mpaka ku Old Town. Che Jafali ali mwee kumwetulira, tebulo lodzaza mphira ndi timipeni. "Ofesi yanu ija Mulungu ayidalitse, mayi. Inu tikusemereni mawu ati?" Ndati ndikufuna oposa onse. Atsegula kabuku kawo, awerenga, apukusa mutu. "Achizungu atha. Mwina tiyambe athu."

Ndaganiza zoti alembe kuti MUNTHU AKUDWALA. Iwo akuti ndisataye nthawi, pofika Lachitatu wina adzawadinda pa matayala. Ndabwerako chimanjamanja.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Dikishonale ndambwezera mwana. Mawa aliyense wobwera ndimudindira, ngakhale atabweretsa risiti ya sopo.

Masana foni yalira. Mayi Banda ali pa depoti, tchuthi chawo chatha, akubwerera ku Chitipa. Amuna awo awasiya m'manja mwa mayi wa nyumba yoyandikana. Ndimayembekeza kuti andilalatira, mwina ndikanapepukidwa. Koma ayi. "Ndati ndikuthokozeni achemwali. Inu nokha munayesetsa. Ndinaona ndi maso anga mukudinda."

Za Lachinayi sindinawauze. Ndangoti ayende bwino.