Mimba ya Beseni

Lolemba, 8 Julayi
Tabwerako kuchipatala pa Boma. Amake Tadala ali ndi chotupa m'mimba, Lolemba likudzali opaleshoni ku Lilongwe. Akuti sang'amba, angoboola timabowo n'kulowetsa kakamera, koma ayamba apopa mpweya m'mimbamo kuti aone bwino. Kupopa! Ine ntchito yanga ndi yomata machubu a kabaza, zimene mpweya umachita ndimazidziwa. Tadala akadali woyamwa.

Adokotala andionetsa bokosi lophunzirirapo: chimimba cha labala, tizitsulo titalititali, akutola nyemba m'katimo maso ali pa sikirini. Zabwino. Koma anayesa ndani kuti mimba imaphulika pati? Ndiyesa ndekha, malire ndikawauze.

Lachiwiri
Zofunika: beseni, chubu cha minibasi, valavu, waya, pampu. Za m'kati: kabichi (chiwindi), kachewere muwiri (impso), payipi yothirira dimba (matumbo). Mimba yatheka, yokongola zedi! Akabaza akuima kudzaonerera. Wina akuti, "Akulu, mimbayi mwini wake ndani? Mukalipa chindapusa!"

Lachitatu
Ndikupopa, mpweya ukuthawira m'mbali. Ndamata. Ukuthawira kwina. Ndaimiza m'madzi monga ndimachitira ndi chubu: thovu ponseponse. Wodwala wanyowa mpaka chiwindi. Koma mtima uli m'malo, chotaya mpweya sichiphulika.

Lachinayi
Yagwira! Ndikupopa, ndikudina ndi chala chachikulu ngati tayala. Yofewa. Ndikupopanso. Yalimbako. Kamodzi kokha basi... PHUU! Valavu padenga la anzathu, kabichi pamsewu, Tadala kulira. Malire ndawapeza, koma mmene ndimapopa sindimawerenga. Ikanakhala mimba yeniyeni?

Lachisanu
Amake Tadala akufuna beseni lawo. Lapindika. "Bambo a Tadala, wodwala ndine, koma wofunika mankhwala ndinu." Apongozi afika kuchokera ku Kandeu kudzathandiza pakhomo, apeza impso pakhonde, akazinga. Ndadya nawo. Zokoma, sindinama. Kafukufuku waima kaye.

Loweruka
Adokotala aja abwera ndi njinga yakuphwa. Ndikumata uku ndikuwafotokozera zonse. Aseka mpaka kukhala pansi pa benchi. Akuti mimba zalabala zoyeserapo mpweya zilipo kale, anzawo anayesa kalekale. Makina ake ali ndi geji, akafika pamlingo amasiya okha, ndipo mpweya wake ndi wochepa, tayala silingadzuke nawo n'komwe. Ndapempha kuti ndikalowe nawo m'chipinda cha opaleshoni, ndisakhudze kanthu, ndizingodina ndi chala. Akana. "Chala chanucho, achimwene, chikagwire botolo la mwana."

Lamulungu
Kutchalitchi atipempherera, m'busa mpaka kutchula dzina. Chikwama chalongedwa. Masana onse apongozi akundiphunzitsa kumanga Tadala kumsana, mfundo ikungomasuka, akabaza akudutsa akuliza mabelu. Alize. Mwana wagona bwino kumsana kwangaku, kofunda.

Amake, amene sabata yonse akhala akundiseka, andikokera kuseri kwa nyumba. Chapansipansi: "Ndiye anati makinawo amasiya okha?" Ndati ee, amasiya okha, ali ndi geji. Ndayankha molimba ngati ndinawapanga ndine. Apumira m'mwamba, abwerera kukatsuka mbale.

Basi. Mawa ine panja pa benchi ya kuchipatala, mwana kumsana. Zopopa apope eni ake.